Kapepala ka Padenga

Lachiwiri lililonse, dzuwa la Tete lisanayambe kuluma,
ndimakwera makwerero achitsulo ku ofesi yathu ku Matundo
kukatsegula kukamwa kwa makina oyeza mpweya.
Amapuma usiku wonse monga ife,
kungoti iwo amasunga umboni.

Ndimaikamo kapepala koyera mbee,
kozungulira, kosaposa chikhatho cha khanda.
Pokachotsa kamakhala katatuwa.
Mu Okutobala kamatuluka bii, ngati kunsi kwa chiwaya.

A Jeronimo Chakhumbira a ku labotale anandiuza:
Felisimina, usati ndi fumbi chabe.
Fumbi looneka limathera m'mphuno, ukamina lapita.
Utu ndi tina.
Titandanda makumi atatu
sitingafike kunenepa kwa tsitsi lako limodzi.
Timalowa pachifuwa popanda odi
n'kuyala mphasa.

Amakanyika kapepalako m'mankhwala,
makina ena n'kuyamba kuitana maina
ngati mphunzitsi m'mawa.

Oili wa injini? Ndilipo.
Ndinatsika m'magalimoto a malasha ochokera ku Mowatize,
aja amafola pamlatho injini zikulira,
oyendetsa atagona, miyendo pawindo.
Dizilo? Ndilipo, ndabwera pachapa.
Pulasitiki? Ndilipo,
ananditentha kudzala kuseri kwa msika wa Kwachena
pamodzi ndi matewera ndi nsapato imodzi.
Tayala? Ndinawaula mutu wa mbuzi Loweruka.
Mafuta a nyama? Ndinadontha pamakala a Zefanias,
nkhuku itatembenuzidwa kachitatu,
ndipo amene anaigula anati yakoma.

Ndinaseka. Mzinda wonse pakapepala kamodzi,
wakuba ndi wobedwa kugona bulangete limodzi.

Kenako anandionetsa mzere wautali kuposa yonse,
wosongoka ngati munga wa mthethe.
Uyu, anatero, ndi mtundu wa shuga.
Mtengo ukamapsa umatulutsa shuga wakewake
ndipo mphepo siiwala.
Nkhuni, uvuni wa makala, lupsa la m'tchire, mapesi.

Sindinaseke.

Achimwene anga a Bonifasiyo amawotcha makala kwathu,
kupitirira Zobwe.
Matumba atatu panjinga, usiku, mabuleki a phazi.
Tsanya amene anagwa ndi nkhwangwa yawo
ndiye anandigulira yunifolomu,
ndiye analipira mayeso,
ndiye anandikweza makwerero awa.
Tsono lero ndavala magolovesi oyera,
ndanyamula ndi kapanira kachitsulo
mpweya wa uvuni wawo,
ndipo fomu ikufunsa: Gwero lake?

Ndilembe chiyani?
Kabokosi n'kakang'ono.
Simungalowe mtengo wa gasi,
simungalowe magetsi othera pa khumi la mwezi,
simungalowe mamawa amene mai Anastansiya oyandikana nafe
amakupiza mbaula ndi chivundikiro
kuti ana apite kusukulu atamwako tiyi.

Ndinalemba: zomera zopsa.
Mawu awiri aukhondo, opanda nkhope.

Madzulo ndinawoloka Zambezi wapansi.
Pamwamba pa madzi panali chinsalu chotuwa
chimene kale ndinkachitcha nkhungu.
Tsopano ndimachidziwa ndi maina ake,
ndipo kudziwako sikunachipepule.

Kunyumba Tereziya wanga anali kukhosomola,
chifuwa chouma chija cha miyezi yotentha,
chimene amati chimapita ndi mvula yoyamba.
Ndinaika khutu pamsana pake.
Mkatimo muli tizipinda tambirimbiri,
tofewa kuposa kapepala kanga,
ndipo palibe amene amakwera Lachiwiri
kukachotsa takale n'kuikamo tatsopano.

Anati, amama, njala.

Ndinayang'ana thumba la achimwene pakona,
lomwe anatumiza ulere, ndi moni.
Ndinatulutsa mbaula pabwalo, kutali ndi zenera,
ndinaona kumene mphepo ikulowera,
kunali kwa mai Anastansiya.
Ndinaisuntha pang'ono.
Kunali kwa ena.

Ndinakhwatcha machesi.